Nkhope ya Apongozi pa Chipupa cha Tchalitchi

Bambo Kalisto Kwenda anabadwira kufupi ndi Kasakula, m'boma la Ntchisi, koma ambiri amene akuwakumbukira lero ndi a ku Dowa, makamaka a mudzi wa Msekesa, kuseri kwa mapiri a ku Chezi, kumene anakwatira ndi kukhalako mpaka imfa yawo. Ntchito yawo inali yolemba ndi kujambula pa zipupa. Aliyense amene anayenda mumsewu wa kumeneko m'zaka za chipani chimodzi anaonapo luso lawo, ngakhale sanadziwe mwini wake: kapu yofuka nthunzi pakhomo la malo omwera tiyi, mitu ya anyamata ometa mosiyanasiyana pa malo ometera, tambala wakuda pa ofesi ya chipani. Anali munthu wamfupi, woyankhula mofulumira, ndipo zikhadabo zawo sizinkayera ngakhale pa tsiku la Pasaka.

Khalidwe lawo limodzi liyenera kutchulidwa poyamba, pakuti zonse zotsatira zinachokera pamenepo. A Kalisto sankatha kumva funso n'kulisiya lopanda yankho. Mlendo akafunsa njira, iwo ankasiya bulashi m'chitini n'kumuperekeza mpaka pamphambano, akufotokoza ndi za mitengo yomwe. Kunali kukoma mtima, koma kunalinso kufuna kuoneka kuti ndi munthu wodziwa.

Ku Msekesa anakhalako pa chikamwini. Anakwatira a Magdalena, mwana wachisamba wa a Tabita. A Tabitawo aliyense ankawatchula kuti a Nambewe. Munda umene a Kalisto ankalima, malo a nyumba yawo, ngakhale mtengo wa mango umene ankapumira pansi pake, zonsezo zinali za mbumba ya a Nambewe. Pa milandu ya malo mkamwini ankakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Ndipo monga mwa ulemu wa kwathu kuno, iwo ndi apongozi awo sankayang'anana kumaso kapena kuyankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, a Kalisto ankapatukira m'udzu n'kunjuta atayang'ana kumbali mpaka mayiwo atadutsa. Mawu aliwonse ankadzera mwa a Magdalena. A Kalisto ankawazindikira apongozi awo ndi kayendedwe, ndi chifuwa chawo cha fodya wa m'mphuno, ndiponso mapazi awo ong'aluka zidendene. Nkhope yawo sankaidziwa.

A Nambewe anali katswiri wozira nyumba. Kumapeto kwa dambo la mudziwo kunali gombe limene linkatulutsa dothi la mitundu itatu pamalo amodzi: katondo wofiira pamwamba, makande akuda pakati, ndipo pansi penipeni, pafupi ndi madzi, dothi loyera ngati ufa. Chaka chilichonse, anthu akakolola, iwo ankatsogolera amayi a mbumba yawo kukakumba dothilo. Pansi pa chipupa ankaziramo lakuda, pamwamba lofiira, pakati n'kulemba mizere yokhotakhota ngati mtsinje, kenaka n'kudontheza timadontho toyera pa lakudalo monga nthenga za nkhanga. Kalembedwe kameneko anakaphunzira kwa amayi awo, amayi awonso kwa amayi awo. Munthu wochokera ku Mponela akaona timadontho timeneto ankadziwa kuti wafika kwa eni dambo lija.

M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anayamba kufalikira m'mapiri a Dowa. Tsiku lina mudzi wonse unapita kumaliro kutsidya kwa mtsinje. A Kalisto anatsala pakhomo chifukwa anali ndi chithupsa kuphazi. Dzuwa litakwera kunafika galimoto ya anthu opima malo, atanyamula zikhomo zopaka penti yofiira.

"Odi pano! Eni mudzi ali kuti, achimwene?"

"Onse apita kumaliro."

"Nanga inu?"

"Ine ndilipo," anatero a Kalisto.

"Tikufuna wotionetsa pamene minda ya mudzi uno ikulekezera."

Yankho loyenera mkamwini aliyense akulidziwa: eni ake kulibe, mubwerenso. A Kalisto anavala nsapato imodzi, natenga ndodo, natsogolera alendowo. Anawaonetsa minda yonse imene inali ndi mizere chaka chimenecho, mosasiyako ndi umodzi womwe, ndipo ankaganiza kuti akuteteza mudzi. Atafika pamene mizere inathera, mmodzi wa alendowo analoza kumunsi.

"Nanga uko?"

"Uko ndi tchire chabe. Salimako munthu."

Zoti sikunkalimidwa zinali zoona, koma sikunali tchire. Anali matsala, minda imene mbumbayo inaisiya kuti nthaka ipume, ndipo a Kalisto, pokhala obwera, anali asanaionepo italimidwa. Za gombe la dothi ankadziwa bwino, pakuti ankaona akazi awo akubwera nalo m'madengu, koma m'mutu mwawo malo okumbapo amayi dothi sanali munda. Zikhomo zinakhomedwa pamene ndodo yawo inaloza. Mvula isanagwe, waya waminga anali atadutsa pamenepo, ndipo matsala, dambo ndi gombe zinali m'kati mwa esiteti ya munthu wina wamkulu wa m'tauni.

Palibe amene anakadandaula ku boma. Ndende ya Dzaleka sinali kutali, ndipo munthu wonena kuti chitukuko chamulanda malo ankadziwa kumene angakagone. Choncho mkwiyo wonse unatsalira m'mudzi momwemo. A Lines, mng'ono wa a Magdalena, amene pa chilamu anali ndi ufulu wonena chilichonse, sankaphonya.

"Alamu, phazi lanu n'lanzeru. Kumaliro linakana, koma dambo lonse linazungulira!"

Anthu ena ankawatonthoza kuti malowo akanapita ndithu, ngakhale iwo akanakhala chete, popeza m'midzi ina zikhomo zinkakhomedwa popanda wofunsidwa. Mwina zinali zoona. A Kalisto sanalandire chitonthozo chimenecho. Ankati kumidzi inayo anthu analandidwa ndi alendo, pamene ku Msekesa ndodo yolozera inali m'dzanja la munthu wodya nawo.

A Nambewe sanakalipe. Anangoleka kuzira. Dothi la kwina analikana, ponena kuti silidziwa manja awo. Nyumba yawo inasanduka yotuwa, mizere ija inasuluka ndi mvula, timadontho tinatha. Nyumba za ana awo zinatsatira. A Kalisto ankadutsa pakati pa nyumba zimenezo m'mawa uliwonse atanyamula zitini za penti, kupita kukakongoletsa masitolo a anthu ena.

Chimene ankachifuna chinali chimodzi chokha: kumva kuti apongozi awo awakhululukira. Koma ulemu womwe uja unawatsekera njira. Sakanatha kukagwada pamaso pawo n'kupepesa ndi pakamwa pawo. Anatuma a Magdalena, yankho linabwera lakuti, "Zamveka." Anatuma ankhoswe, yankho linali lomwelo. Zaka zinapita, ana anakula, mayiwo anayamba kuyenda ndi ndodo, ndipo a Kalisto anayamba kuopa kuti adzamwalira mawuwo asanatuluke.

Cha m'ma 1980 Akatolika a m'deralo anamanga tchalitchi chaching'ono cha njerwa m'mbali mwa msewu wopita ku Chezi, pa malo amene mbumba ya a Nambewe inapereka. Akatekisiti, a Gregorio, anauza mpingo kuti bambo mfumu akufuna kuti pachipupa choyang'ana kumsewu pakhale chithunzi cholemekeza eni nthaka, amene anakhala pamalopo mpingo usanafike. A Kalisto anaimirira mawuwo asanathe. Anati ntchitoyo aigwira okha, penti agula okha, ndipo safuna malipiro.

Anazika mitengo patsogolo pa chipupacho n'kupachikapo mphasa kuti anthu asaone ntchito isanathe. Wapampando wa chipani m'deralo yekha ndiye analoledwa kusuzumira. Anayang'ana mapiri ndi dambo zimene zinali zitayamba kuoneka, nagwedeza mutu.

"Zili bwino, a Kwenda. Koma waya musamuikepo."

"Sindimuika, bwana."

"Ndipo anthu ake akhale osekerera. Tisaone wina wakwinya nkhope ngati kuti pali chimene chinamusowa."

Dambo analijambula monga linalili waya asanabwere, ndi bango lake, ndi gombe la mitundu itatu. Pakati anafuna kuikapo mayi atasenza dengu la dothi, ndipo mumtima mwawo mayiyo sakanakhala wina koma a Nambewe. Ankaganiza kuti mayiwo akadziona ataima pa dambo lawo, pamaso pa mpingo wonse ndi odutsa onse, adzamva zimene pakamwa sipakanatha kunena. Thupi ndi mapazi sizinawavute. Pankhope panatsala poyera.

Apa m'pamene anachita chimene mkamwini sachita. Masana ena, a Nambewe akuswa mtedza pakhonde, iwo anabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuwayang'anitsitsa kudzera pampata wa nsungwi. Anabwereza kangapo. Pambuyo pake anauza a Gregorio kuti chimene chinawadabwitsa n'chakuti mayi amene anawaopa zaka zonsezo anali ndi nkhope yaing'ono, yofanana kwambiri ndi ya mdzukulu wawo, mwana wamkazi wotsiriza wa a Kalistowo. Anajambula zonse monga anazionera: mphini za m'masaya, diso lakumanzere limene linali litayamba kuyera, ndi kachipsera ka pachibwano. Kumwetulira kokha ndiko anawonjezera, pomvera wapampando uja.

Mphasa zinachotsedwa Lamulungu, Misa itatha. Amuna anawomba m'manja poona mapiri, ena akuloza phiri lililonse n'kulitchula dzina. Amayi anayamba nthungululu, koma inathera panjira. A Lines anasendera pafupi, manja ali m'chiuno.

"Aa! Kodi awa si amayi?"

Anayang'anitsitsa nkhope ya pachipupayo.

"Ndi amayi ndithu! Mpaka kachipsera ka pachibwano! Alamu, tabwerani kuno. Munawaona liti? Ife timati mukamathawira m'udzu ndi ulemu, kani mumakasankha pabwino posuzumira!"

Anyamata ena anaseka, akuluakulu anawadzudzula ndi maso. A Nambewe anali kutuluka m'tchalitchi atagwira mkono wa a Magdalena, ndipo anthu anawapatukira. A Kalisto anali atapita kale kumbali, nanjuta pafupi ndi mulu wa njerwa zotsala, atayang'ana kumsewu. Mayiwo anaima patsogolo pa chipupa nthawi ndithu. Kenaka anakoka chitenje chawo n'kuphimba nkhope mpaka m'maso.

"Magdalena, kawafunse a kwa Kwenda kuti anapempha kwa yani."

Aliyense anamva, ndi a Kalisto omwe, komabe a Magdalena anayenda kukafika pa njerwa paja nabwereza mawuwo.

"Auzeni kuti ndimafuna kuwalemekeza," anatero a Kalisto.

A Magdalena anabwerera. "Akuti amafuna kukulemekezani, amayi."

"Anthu a zikhomo aja, a kwa Kwendawo ankafunanso kuwalemekeza. Malo anga anaonetsa alendo ine kulibe. Lero aonetsa nkhope yanga kwa aliyense wokoka mbuzi kupita nayo ku Chezi. Ndipo andisekeretsa. Ndikusekerera chiyani pamenepa? Uwafunse ngati chilipo china changa chimene sanaonetse, kuti ndichibise msanga."

Nthawi imeneyi a Magdalena sanapite kukabwereza. A Kalisto anayankhula chogwada, akuyang'anabe kumsewu, kuti mawa lomwe adzapaka laimu chipupa chonse.

"Asakhudze," anatero mayiwo. "Pojambula sanafunse. Pofufuta akufunanso asafunse?"

Chithunzicho chinakhala choncho masabata angapo, chitaphimbidwanso ndi mphasa. A Kalisto sanapite kuntchito masiku amenewo. Ankakhala pansi pa mango, ndipo amene anawaona akuti anali ngati munthu wochira malungo. Anauza a Gregorio kuti chimene chinkawapweteka si manyazi a pa mpingo ayi, koma kuzindikira kuti zaka zonse za kudandaula zija sizinawaphunzitse kanthu: anali atayankhanso funso limene linali la eni ake.

Amayi a mbumba anakambirana paokha, kenaka a Magdalena anabwera ndi mawu. Ngati bambo mfumu akufuna chipupa cholemekeza eni nthaka, eni nthakawo achizira okha, monga amazirira nyumba zawo, ndi dothi la gombe lawo. Koma iwo sakapempha kwa mlonda kulowa m'malo a amayi awo. Amene anaonetsa alendo njira, ndiye akapemphe.

A Kalisto anapita ku geti la esiteti ndi wilibala yobwereka. Mlonda anawatumiza kwa kapitawo, kapitawo anawabweza kuti abwerenso, ndipo atabweranso anawafunsa mowaseka ngati penti yatha m'masitolo. Potsiriza anawalola, atawapatsa mlonda wowaperekeza kuti asathyole fodya. Kanali koyamba kuponda kumeneko chikhomereni zikhomo. Matsala aja anali mizere ya fodya mpaka kumapiri. Gombe analipeza, koma kumunsi kwake anali atatseka dambo n'kupanga damu lothirira nazale. Katondo analipo, makande analipo. Dothi loyera linali pansi pa madzi akuya kuposa munthu. Analowa m'madzimo mpaka m'chifuwa, akufufuza ndi khasu, mlonda akuwakalipira, koma chimene anatulutsa chinali matope okhaokha.

Anabwera ndi mitundu iwiri. A Lines anayang'ana m'wilibalamo, koma ataona zovala zonyowa za alamu awo anangotembenuka.

"Ndikatenge laimu m'malo mwake?" anafunsa a Kalisto.

A Magdalena anapita nalo funsolo, nabwera ndi yankho. "Akuti ayi. Chimene kulibe, chisoweke."

Panalinso vuto lina: dothi siligwira pa penti ya mafuta. Chithunzi chonse chinayenera kupalidwa mpaka njerwa zioneke. A Kalisto anapala okha ndi chidutswa cha khasu lakutha, kuyambira kumwamba: mitambo, mapiri, bango, gombe. Atafika pa mayi uja anapala dengu, mikono ndi mapazi, n'kuima. Sanathe kukanda nkhope ya apongozi awo ndi chitsulo. A Magdalena anawalanda khasulo, nawauza kuti atembenuke, ndipo anamaliza okha.

Tsiku lozira, amayi a mbumba anayalira a Nambewe mphasa pamthunzi wa tchalitchi. Mphamvu zawo zinali zitachepa, komabe dothi loyamba anapaka ndi iwo, kenaka anakhala pansi n'kumalangiza ana ndi adzukulu awo, amene ena a iwo anali asanazirepo kalembedwe kameneko chibadwire.

"Iwe Lines, umenewo ndi mtsinje kapena njoka yothyoka msana? Bwereza."

"Amayi, dzanja linaiwala."

"Pakamwa pokha ndiye sipaiwala."

A Kalisto ankatunga madzi ndi kukanda dothi kuseri kwa nyumbayo, n'kumasiya ndowa pangodya kuti amayi adzatenge. Chipupa sanachikhudze. Pofika madzulo, pansi panali pakuda, pamwamba pofiira, mizere yokhotakhota ikudutsa pakati kuchokera kungodya kufika kungodya. Pa lakudalo panalibe kadontho ndi kamodzi komwe. Achinyamata sanaone chosowa. Koma mmodzi wa amayi achikulire anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Bambo mfumu atabwera anafunsa kuti anthu ake ali kuti pachithunzipo, a Gregorio nayankha kuti aliyense wa kuno akaona adziwa kuti ndi kwa yani. Wapampando wa chipani sanapezepo chodandaula nacho.

A Nambewe anadwala mvula ya chaka chomwecho ili pakati, ndipo anamwalira chimanga chisanache. Masiku a matenda awo a Kalisto ankawaza nkhuni ndi kuzisiya pakhomo, kenaka n'kukhala patali, pamene akanatha kuitanidwa. Sanaitanidwe. Maliro atatha, anthu atabalalika, anafunsa akazi awo.

"Kodi amayi sananenepo kanthu za ine?"

A Magdalena anali munthu wosadziwa kunama, ngakhale bodza lotonthoza.

"Ananena kamodzi."

"Anati chiyani?"

"Anati katondo munabweretsa uja anali ndi mchenga. Munakumba pamwamba."

"Basi?"

"Basi."

A Kalisto anawafunsa ngati mayiwo ananena mokwiya kapena monga munthu amene akuyembekezera kuti kudzakhala ulendo wina. A Magdalena anati sakudziwa, pakuti panthawiyo mawu awo anali atachepa kale mphamvu. Funso limenelo analifunsanso kwa a Lines ndi kwa a Gregorio, ndipo palibe anawapatsa yankho lowakhutiritsa.

Dothi silikhalitsa pachipupa chakunja. Mvula ikatha limafuna kuziridwanso. Anthu atakolola chaka chotsatira, a Kalisto anabwerekanso wilibala, napita kukaima pa geti la esiteti. Anachita chimodzimodzi chaka chilichonse kufikira miyendo yawo inakana, ndipo nthawi zonse ankayamba wataya dothi lapamwamba, n'kukumba mpaka m'chiuno, akufikisa katondoyo pakati pa zala kuti amve ngati muli mchenga.